Dzino lopanda bowo limagweranji?

Pa mzere wa kuchipinda cha mano m'zipatala zathu, pafupifupi aliyense amakhala atagwira tsaya. Sanagone usiku, Panado wakanika, ndipo pempho lake ndi limodzi basi: "Adokotala, ingolizulani." Munthu akabwera alibe ululu uliwonse, n'kunena kuti akufuna amuone nkhama ndi kumutsuka mano, anzake pabenchipo amamuyang'ana ngati wasowa chochita kunyumba. Kutsukitsa mano timakuona ngati za anthu andalama ofuna kuwala pa zithunzi za ukwati. Kaganizidwe kameneka katitayitsa mano ambiri amene akanatifikitsa ku ukalamba tikukukutabe chimanga chokazinga.

Mwa anthu amene apitirira zaka 40, pali mano ambiri amene amachoka alibe ndi bowo lomwe. Dzino limakhala lathunthu, lolimba, koma likugwedera, mpaka tsiku lina limangotsalira pa nzimbe. Zimene zawonongeka ndi zoligwira. Mbali ya dzino imene timaiona ndi yochepa. Muzu wake umakhala m'fupa la nsagwada, womangidwa ndi timinyewa ting'onoting'ono tambirimbiri tochoka pamuzu kukalowa m'fupalo. Pamwamba pa zonsezi pamakuta nkhama. Nkhamazo sizimatirira dzino mpaka m'mphepete penipeni ayi. Pamatsala kampata kozungulira dzino lonse, kakuya mamilimita 1 mpaka 3 mwa munthu wabwinobwino. Chiseyeye chimayambira ndi kukulira m'kampata kameneka, ndipo ndi mmene wotsuka mano wodziwa ntchito amaika maso ake.

Mukapala dzino ndi chikhadabo madzulo, cha m'mphepete mwa nkhama, pamachoka kanthu koyera, kofewa, konanda. Ambiri amati ndi zotsalira za nsima. Mbali yaikulu ndi tizilombo tamoyo, mabakiteriya omatirirana pamodzi, amene achipatala amawatchula kuti plaque. Zoyanga zimenezi zimayambanso kumera patangopita maola ochepa munthu atatsuka m'kamwa, ndipo zikadali zofewa mswachi umazichotsa bwinobwino. Zikasiyidwa, calcium ndi phosphate wa m'malovu amayamba kulowamo pakatha tsiku limodzi kapena masiku angapo, ndipo pomakwana masabata awiri zimakhala zaumiratu n'kukakamira padzino. Zikafika apa zimatchedwa tartar, ndipo palibe mswachi, makala kapena mankhwala otsukira mano amene angazisunthe.

Tengani kagalasi muyang'ane kuseri kwa mano akutsogolo a m'munsi, kumbali ya lilime. Anthu ambiri amene sanatsukitsepo mano amapezako chinthu chachikasu kapena chofiirira, chokhakhala, nthawi zina chitatseka mipata yonse moti mano anayi amaoneka ngati chinthu chimodzi. Tartar amakonda pamenepo chifukwa malovu amatulukira kunsi kwa lilime, pafupi penipeni. Malo ena ndi pa mano akumapeto a m'mwamba, kumbali ya tsaya, kumene kumatulukiranso malovu. Koma woopsa ndi amene kagalasi sikangakuonetseni: wa pansi pa nkhama, womata pamuzu, wakuda bii chifukwa chosakanikirana ndi magazi, ndiponso wouma kwambiri kuposa wapamwamba uja.

Tartar payekha ndi chinthu chakufa. Kuipa kwake n'kwakuti ndi wokhakhala, wa timabowo, ndiye pamwamba pake sipasowa tizilombo tamoyo, titatsamira nkhama usana ndi usiku. Thupi limatumiza magazi ambiri ndi asilikali ake pamalopo. Nkhama zimafiira, zimatupa pang'ono, zimayamba kunyezimira, ndipo zikangokhudzidwa magazi amatuluka. Zimenezi zinaonetsedwa poyera mu 1965 ku Denmark, pamene katswiri wa matenda a nkhama Harald Löe ndi anzake anapempha anthu a nkhama zabwino kuti asiye kaye kutsuka m'kamwa. Pomatha masabata atatu onse anali ndi nkhama zotupa. Atayambiranso kutsuka, nkhamazo zinachira patangotha pafupifupi sabata imodzi.

Apa ndi pamene ambiri timaphonya. Tikalavula thovu lofiira timati mswachi ndi wolimba kapena tatsuka mwamphamvu, ndiye timayamba kulambalala malo otuluka magaziwo. Kutero n'kusiyira tizilombo malo amene akufunika kutsukidwa koposa. Nkhama zabwino sizituluka magazi ndi mswachi. Zikatuluka, pitirizani kutsuka pomwepo mofatsa kawiri pa tsiku. Pakatha masabata awiri magazi osasiya, ndiye kuti pali china chimene mswachi sukuchifikira, ndipo chimenecho n'chokwanira kuti munyamuke kupita kuchipatala ngakhale palibe chikupweteka.

Gawo loyambali la chiseyeye, la kutupa nkhama kokha, limachira lonse, osasiya chipsera. Lachiwiri ayi. Mwa anthu ena kutupa kumatsikira pansi, timinyewa togwira muzu timayamba kuduka, fupa limayamba kudyeka, ndipo kampata kaja kamasanduka kathumba. Mamilimita 4, kenako 5, kenako 6 kapena kuposa. Nsonga za mswachi sizilowa pansi pa nkhama kupitirira mamilimita 1 kapena 2, choncho m'kathumba kotere mumakhala mosafikika, mopanda mpweya, mmene mitundu yoipitsitsa ya mabakiteriya imaswana bwino. Dzino limakhala ngati mtengo wa m'mphepete mwa mtsinje umene madzi akuukokolola dothi chaka ndi chaka: masamba ali biriwiri, thunthu lili bwino, mpaka tsiku limene wapendekeka. Zonsezi zimachitika popanda ululu, n'chifukwa chake anthu amafika mochedwa. Amabwera mano akuoneka ngati atalika, akutsogolo atatalikirana n'kusiya mipata imene kunalibe kale, m'kamwa mukununkha ngakhale atsuke bwanji, kapena mafinya akutuluka akadina nkhama. Fupa limene ladyeka silimeranso lokha. Chithandizo chimangoimitsa matendawo pamene afika. Ndipo ofika pamenepa si ochepa. Lipoti la bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO la mu 2022 linati pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa asanu alionse ali ndi chiseyeye chofika poipa chotere, kutanthauza anthu oposa 1 biliyoni.

Kutsukitsa mano koyenera kumayamba makina asanayatsidwe. Wachipatala ayenera kukufunsani za matenda ena ndi mankhwala amene mukumwa, ndipo musabise kanthu. Amene amamwa warfarin kapena mankhwala ena osungunula magazi akhoza kutaya magazi ochuluka, komabe asasiye kumwa payekha; anene, achipatala akonzekere. Amene anaikidwa valavu ya mtima angafunike maantibayotiki asanakhudzidwe nkhama. Amene akutsokomola TB ayambe wachira, chifukwa makina owaza madzi amamwaza tizilombo m'chipinda chonse. Wa shuga abwere atadya ndiponso atamwa mankhwala ake monga mwa masiku onse.

Kenako kuyeza. Pali kachitsulo kowonda, kosathwa, kokhala ndi timizere ta mamilimita, kamene amakalowetsa mopepuka m'kampata kaja n'kumakayendetsa kuzungulira dzino. Mtundu umene WHO inakonza uli ndi kampira ka theka la milimita kunsonga, ndi chizindikiro chakuda choyambira pa mamilimita 3.5 mpaka 5.5. Chakudacho chikamaoneka chonse, palibe kathumba. Chikalowako pang'ono, kathumba kayamba. Chikamira chonse osaonekanso, kathumbako ndi kakuya, ka 6 kapena kuposa, ndipo apa pamafunika kuyeza dzino lililonse malo 6, mwinanso kujambula X-ray kuti aone pamene fupa lafika. Kuyeza koyambaku kumatenga mphindi ziwiri kapena zitatu, sikufuna magetsi, koma ndiko phata la ulendo wonsewo. Amene wakutsukani mano osakuyezani nkhama wagwira ntchito yongoganizira. Mufunseni mwaulemu kuti, "Adokotala, kodi nkhama zangazi zili pa mamilimita angati?"

Tartar amachotsedwa m'njira ziwiri. Makina a ultrasonic ali ndi kansonga kachitsulo konjenjemera maulendo 25,000 kapena kuposa pa sekondi imodzi. Kakakhudza tartar, amasweka n'kumagwa tizidutswa, ndipo madzi amene makinawo amawaza ndi oziziritsa nsongayo kuti isawotche dzino, komanso okokolola zonyenyekazo. Sikaboola ndipo sikadula. Amakagoneka chammbali padzino, osati kulasa nako. Kulira kwake kobaya m'makutu ndiko kumaopsa anthu kuposa ululu weniweniwo. Njira ina ndi ya tizitsulo ta m'manja tokhota kunsonga, timene amatikoweka kunsi kwa tartar n'kukoka chokweza. Timeneti timachedwa, koma tikakhala tonoledwa bwino ntchito yake ndi yofanana, ndipo magetsi akazima sitiima. M'kamwa mopanda timatumba, zonse zimatha pa mphindi 20 mpaka 45.

Pamene pali timatumba takuya, ntchito imakula. Amabaya jakisoni wochititsa dzanzi n'kutsuka muzu wonse mpaka pansi pa kathumba, kawirikawiri mbali imodzi ya kamwa pa ulendo umodzi, ndiye pamafunika maulendo awiri mpaka anayi. Pakatha masabata 6 mpaka 12 munthu ayenera kubwerera kuti akayezedwenso. Ulendo wobwererawu ndi umene ambiri amaudumpha, poti magazi asiya ndipo fungo latha. Chonsecho ndi pamene zimadziwika ngati kathumba ka 6 kafika pa 4 n'kusiya kutuluka magazi, kapena kakadali chomwecho ndipo pakufunika kubwereza, mwinanso opaleshoni yaing'ono yotsegula nkhama.

Kupukuta kwa kumapeto, kwa kakapu ka labala kozungulira ndi phala lokhakhala pang'ono, ndiko anthu amakukonda chifukwa lilime likamadutsa mano amaterera. Kumachotsa madontho a tiyi ndi fodya, basi. Pa thanzi la nkhama ndiko kochepetsetsa, ndipo sikusintha mtundu wa dzino lenilenilo. Anthu okulira kumene madzi a m'mijigo ali ndi fluoride wochuluka, monga cha ku Nathenje m'boma la Lilongwe, amakhala ndi mano a mawanga ofiirira amene analowa m'dzino likadali kupangidwa. Mawanga amenewo ngakhale atapukutidwa kangati sachoka, ndipo wolonjeza kuti awachotsa pongotsuka akufuna kukudyerani ndalama.

Tsopano mphekesera imene yafala paliponse. Akuti kutsukitsa mano kumagwedeza mano, kumasiya mipata, kumapala dzino mpaka kulifoola. Onena zimenezi sakunama pa zimene anaona. Akuphonya pa chifukwa chake. Tartar akachuluka kuseri kwa mano a m'munsi amawamanga pamodzi, ndiye mano amene fupa lawo linadyeka kalekale amaoneka olimba chifukwa akutsamirana. Akachotsedwa, kugwedera kumene kunabisala kumaonekera. Mipata nayo inalipo kale, inangodzazidwa ndi tartar ndi nkhama zotupa. Kutupa kukaphwa, timipata takuda timaoneka m'munsi mwa mano. Kuyayamira ndi madzi ozizira kumabwera chifukwa muzu umene unakutidwa tsopano uli pamtunda, ndipo kawirikawiri kumatha pakapita masiku angapo kapena masabata ochepa, makamaka munthu akamapaka pamalopo mankhwala otsukira mano a fluoride pogona, osatsukuluza. Pambuyo pake mano ambiri ogwedera pang'ono amalimbako, popeza timinyewa totsala tija tasiya kutupa. Pamene achipatala amalakwa ndi kusamufotokozera munthu zonsezi asanayambe. Munthu wodzidzimuka ndi mipata sabweranso, ndipo amakaletsa mudzi wonse.

Koma pali mbali ina imene ogulitsa chithandizo sakonda kuitchula. Lamulo loti aliyense azitsukitsa mano miyezi 6 iliyonse silinatsimikizidwe monga mmene limamvekera. Ku Scotland ndi kumpoto chakum'mawa kwa England kunachitika kafukufuku wamkulu wotchedwa IQuaD, wa anthu oposa 1,800 opanda chiseyeye choopsa, amene ankapita kale kwa dokotala wa mano nthawi ndi nthawi. Ena ankatsukidwa miyezi 6 iliyonse, ena kamodzi pa chaka, ena sanaikidwe pa ndondomeko iliyonse. Patatha zaka 3, kutuluka magazi m'nkhama sikunasiyane kwenikweni pakati pa maguluwa. Zotsatirazi zinatuluka mu 2018, ndipo chaka chomwecho bungwe la Cochrane, limene limasonkhanitsa ndi kuwunika kafukufuku wa zaumoyo, linapezanso zofanana. Bungwe la NICE, lopereka malangizo a zaumoyo ku England, linali litalangiza kale mu 2004 kuti munthu wamkulu azibwereranso kukaonedwa pakatha miyezi 3 mpaka 24, malinga ndi mmene m'kamwa mwake mulili.

Wina angamve zimenezi n'kunena kuti basi, kutsukitsa mano n'kutaya ndalama. Ayi ndithu. Anthu a m'kafukufuku uja anali oyezedwa kale, otsukidwa m'mbuyomu, okhala ndi mswachi ndi mankhwala tsiku lililonse. Sangafanane ndi bambo wa zaka 45 amene chibadwire sanakhalepo pampando wa dokotala wa mano, tartar wa zaka 20 ali phee pansi pa nkhama. Zimene tingatolepo n'zakuti nthawi yobwerera iziikidwa ndi kachitsulo koyezera kaja, osati kalendala. Matendawa sagwira anthu mofanana. Löe yemwe uja anatsatira kwa zaka 15 amuna ogwira ntchito m'minda ya tiyi ku Sri Lanka, amene sankagwiritsa ntchito mswachi kapena kuonana ndi dokotala wa mano. Pafupifupi onse anali ndi zoyanga ndi nkhama zotupa, koma mwa 100 alionse, 8 fupa linawathera mofulumira kwambiri, 81 linkadyeka pang'onopang'ono, ndipo 11 silinadyeke n'komwe. Tsoka lake n'lakuti gulu lanu simungalidziwe podziyang'ana pagalasi.

Amene anapezeka kale ndi timatumba n'kulandira chithandizo ayenera kumabwerera miyezi 3 kapena 4 iliyonse, mwina moyo wonse, chifukwa tizilombo timadzazanso m'timatumba pa miyezi yochepa. Kwa iwowa, kudumpha chaka n'kupereka mano. Wa nkhama zolimba, wosasuta, wopanda shuga, akhoza kuyezedwa kamodzi pa chaka kapena pa zaka ziwiri, n'kutsukidwa pokhapokha tartar akapezeka. Pakati pa awiriwa pali anthu amene sayenera kudikira kuti chinachake chipweteke.

Oyamba ndi odwala shuga. Shuga wokwera amafooketsa asilikali a m'thupi ndi kuchedwetsa kupola, ndiye chiseyeye chimathamanga. Nacho chiseyeye, poti ndi kutupa kosatha, chimachititsa kuti shuga avute kutsika. Mu 2022 a Cochrane atawunika kafukufuku wosiyanasiyana anapeza kuti kuchiza nkhama kumatsitsa HbA1c, muyezo wa mmene shuga wakhalira pa miyezi itatu, ndi pafupifupi 0.4 peresenti pakatha miyezi 3 kapena 4. Amene amalimbana ndi nambala imeneyi akudziwa kuti si zamasewera kuitsitsa choncho. Zimachitikanso kuti munthu amatulukira kuti ali ndi shuga chifukwa cha zithupsa za m'nkhama zongobwerabwera.

Osuta fodya ndiye amapusitsidwa ndi nkhama zawo zomwe. Kaya ndi ndudu ya m'sitolo kaya chingambwe, nicotine amafinya timitsempha ta magazi, ndiye nkhama zimaoneka zotuwa, zosatuluka magazi, kwinaku fupa likutha pansi. Chenjezo limene ena amaliona pa mswachi, iwo saliona, ndipo chithandizo sichigwira bwino mwa wosuta. Amene amaika fodya kuseri kwa mlomo, nkhama zimabwerera m'mbuyo pamalo pomwepo; pakaoneka chilonda kapena banga loyera losachoka kwa masabata awiri, akaonetse msanga.

Amayi oyembekezera nkhama zimawatupa msanga chifukwa cha kusintha kwa m'thupi, mwina mpaka kumera kachotupa kofiira pakati pa mano. Mwana sayamwa calcium m'mano a mayi ake monga ena amanenera. Chimachitika n'chakuti zoyanga zomwe zija zimatupitsa nkhama kwambiri pa nthawiyi, nseru nayo n'kumalepheretsa kutsuka bwino. Kutsukitsa mano uli ndi pakati n'kololedwa, ndipo zimaphweka kuyambira mwezi wa 4 mpaka wa 6, pamene kukhala chagada pampando sikuvuta. Palinso omwa nifedipine kapena amlodipine a BP, ndi phenytoin wa khunyu: ena mwa iwo nkhama zimakula n'kuyamba kukwirira mano. Asasiye mankhwala paokha. M'kamwa mukakhala mwaukhondo kukulako kumachepa, ndipo dokotala akhoza kuwasinthira mtundu wina.

Mtundu umodzi wa matenda a nkhama sudikira n'komwe. Nkhama zimapweteka kwambiri, tinsonga ta pakati pa mano timadyeka n'kutuwa, fungo limakhala lamphamvu, mwina thupi n'kutentha. Umakonda anthu amene chitetezo cha m'thupi chatsika, kuphatikizapo amene ali ndi HIV koma sali pa ma ARV, ndi ana onyentchera. Mwa mwana wa zaka 2 mpaka 6 ukhoza kusanduka noma, matenda odya tsaya pa masiku ochepa, amene WHO inawaika pa mndandanda wa matenda onyalanyazidwa mu Disembala 2023. Zotere n'zothamangira nazo kuchipatala tsiku lomwelo.

Wachipatala amatsuka kamodzi, pamene zoyanga zimamera tsiku lililonse, ndiye ntchito yaikulu imatsalabe kunyumba. Mswachi ukhale wofewa, wa mutu waung'ono. Upendekeni, pafupifupi madigiri 45, kuti nsonga zake ziloze pamene dzino lakumana ndi nkhama, n'kumaugwedeza pang'onopang'ono pa mano awiri kapena atatu nthawi imodzi: kunja, mkati, kenako potafunira. Kuseri kwa mano akutsogolo uimikeni chilili. Mphindi ziwiri, kawiri pa tsiku, ndipo kwa usiku n'kofunika kuposa kwa m'mawa chifukwa munthu akagona malovu amachepa. Ambiri timachita zosemphana ndi zimenezi: m'mawa kukwecha mwamphamvu chopingasa kwa masekondi 30, usiku kukagona osatsuka. Kukwecha kotero ndi mswachi wolimba kumadya dzino cha m'mphepete ndi kubweza nkhama, zoyanga za m'kampata zili chikhalire. Mankhwala otsukira akhale a fluoride wa 1,000 mpaka 1,500 ppm, nambalayo imalembedwa pachubu, ndipo mukamaliza ingolavulani osatsukuluza ndi madzi. Mswachi usinthidwe pakatha miyezi 3, kapena nsonga zikangoyamba kupindikira m'mbali.

Chiseyeye chimakonda kuyambira pakati pa mano, pamene mswachi sulowa. Pamipata yothina pamafunika ulusi wotsukira m'mano. Dulani wotalika pafupifupi masentimita 40, ukulungeni pa zala zapakati, ulowetseni mofatsa, muukhotetsere padzino limodzi n'kuukweza ndi kuutsitsa, kenako padzino linalo. Pamipata yotseguka, timiswachi tating'ono ta pakati pa mano timaposa ulusi. Kamtengo ka machesi, pini kapena waya zimatokosola nyama yokanirira, koma zoyanga zimatsala, ndipo zimalasa nkhama pamalo amodzimodzi tsiku ndi tsiku. Mswachi wa mtengo, kaya wa muula kaya wina, usanyozedwe: ukatafunidwa mpaka kufewa n'kuyendetsedwa dzino ndi dzino m'mphepete mwa nkhama, umachotsa zoyanga ndithu. Kuperewera kwake n'kwakuti kuseri kwa mano ndi kumapeto sufikako bwino, komanso suteteza mano ngati mankhwala a fluoride. Makala, phulusa ndi mchenga ndiye ayi, zimangopala dzino.

Mankhwala akumwa nawo atisocheretsa. Nkhama zikatupa munthu amagula amoxicillin ndi Flagyl, kutupa n'kuphwa, iye n'kuyesa wachira. Tartar akadali pomwepo, ndipo pakapita masabata angapo zimabwereranso, mwina tizilombo titayamba kupima mankhwalawo. Maantibayotiki nthawi zina amafunikadi, koma mothandizana ndi kutsuka mizu. Aspirin woika pankhama amawotcha n'kusiya chilonda choyera. Madzi ofunda a mchere, theka la supuni yaing'ono m'kapu, amatonthoza nkhama munthu akachoka kotsukitsa. Chlorhexidine wochukucha m'kamwa amathandiza kwa sabata imodzi kapena masabata awiri. Akapitirira pamenepo amadetsa mano ndi lilime.

Funso lovuta n'lakuti, kuno kwathu, adzayeza ndi kutsuka anthu onsewa ndani? Pamene maphunziro a udokotala wa mano ankayamba mu 2019 ku College of Medicine, imene tsopano ndi mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi University of Glasgow, madokotala a mano m'dziko lonse la Malawi sankakwana 50. Ntchito yaikulu m'zipatala za m'maboma imagwiridwa ndi ma dental therapist ophunzitsidwa ku Malawi College of Health Sciences ku Lilongwe. Kutsuka mano anaphunzira, koma mzere wa anthu olira ndi ululu ukatalika, kuzula kwa mphindi 10 kumadya nthawi ya kutsuka kwa mphindi 40. Palibe amene angawadzudzule. Ndondomeko ya dziko lino ya thanzi la m'kamwa, imene inakhazikitsidwa mu 2022, imatsindika za kupewa, koma kupewako sikungayambire pa benchi la anthu amene mano awo anawonongeka kale.

Kukopera lamulo la miyezi 6 kwa aliyense kungakhale kulota, ndiponso kungalande nthawi ya amene akufunikadi thandizo. Chotheka n'kusankha. Kiliniki ya shuga ndi BP, sikelo ya amayi oyembekezera ndi kiliniki ya ma ARV zili kale ndi anthu amene ali pachiopsezo chachikulu, ndipo amabwera okha pa masiku odziwika. Namwino atangofunsa mafunso awiri, ngati nkhama zimatuluka magazi ndi ngati pali dzino logwedera, n'kukweza mlomo kuyang'ana, angathe kutumiza oyenera kuchipinda cha mano. Kumeneko pakhale tsiku limodzi pa sabata losungidwira kuyeza ndi kutsuka basi, ndi tizitsulo ta m'manja tokwanira kuti tina tikakhala mu autoclave, makina ophera tizilombo pa zida, tina tizigwira ntchito. Ndipo nambala za mamilimita zizilembedwa m'buku la kuchipatala la munthuyo, dzino ndi dzino, kuti amene adzamuone chaka chamawa, kaya ku Mzuzu kaya ku Zomba, adzathe kuyerekeza n'kudziwa ngati kathumba kaima kapena kakutsikabe.